Kuyeserera kuzima kwa injini komwe kunathera m'munda wa makande kuchigwa cha Shire

Ndege ya m'nkhaniyi ndi Cessna 172P, ya mipando inayi, ya injini ya Lycoming O-320 yokhala ndi kabuleta, chida chosakaniza mafuta ndi mpweya. Munali anthu awiri, mlangizi ndi wophunzira amene amayandikira mayeso a laisensi yake yoyamba. Ananyamuka pa Chileka m'mawa wina mu Malichi, mvula itagwa usiku wonse, kupita kuchigwa kukayeserera kutera mwadzidzidzi ngati injini yazima. Ndegeyo inakathera m'munda wina kum'mwera kwa Nchalo, tayala lakutsogolo litapindika, pulopela itakumba dothi. Palibe anamwalira. Wophunzira anasokedwa pamphumi, mlangizi anatuluka bwinobwino. Ponyamuka ndegeyo inalibe vuto, ndipo amakaniko ataiunika pambuyo pake sanapeze chomwe chinathyoka ngozi isanachitike.

Mmene zinalili asananyamuke

Mlangiziyu sanali wachibwana pantchito. Maola anali nawo okwanira, koma ambiri anawapezera kunja pa Cessna 172 za mtundu wa R ndi S, zomwe injini yake imalandira mafuta mwa fuel injection. Ndege zimenezo zilibe kabuleta, choncho zilibenso kachitsulo ka carb heat, kolowetsa mpweya wotentha mu kabuleta kuti musagwire ayisi, koti uzikoka usanachepetse moto. Pa 172P anali atakhalapo miyezi yochepa. Za carb heat ankazidziwa m'mutu, ankaiyesa pansi asananyamuke monga lamulo likunenera, koma dzanja lake silinali lozolowera kupita pomwepo lokha. Pamwamba pa izo panali chikhulupiriro chomwe timachimva kawirikawiri pakati pa oyendetsa ndege kuno kwathu, chakuti kuchigwa n'kotentha kwambiri moti ayisi sangagwire mu kabuleta, komanso kuti injini za Lycoming sizigwira ayisi ngati za Continental poti kabuleta ya Lycoming inamangidwa pansi pa sampu ya oyilo wotentha. Chachiwirichi chili ndi kachoonadi pang'ono, koma buku la ndegeyi limanenabe kuti usanatere ukoke carb heat yonse moto usanauchepetse.

Wophunzira anali ndi vuto limodzi lodziwika: poyeserera kutera mwadzidzidzi ankafika ali m'mwamba kwambiri n'kupitirira munda womwe wasankha. Mayeso anali pafupi, ndipo mlangizi ankafuna kuti mnyamatayo adzionere ndi maso ake ngati akanafikadi kapena ayi.

Chifukwa chosankhira chigwa n'chomveka. Kuzungulira Blantyre kuli mapiri, nyumba zothithikana ndi ndege zina zolowa ndi kutuluka pa Chileka. Ukangodutsa m'mphepete mwa mapiri n'kuona mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa, nthaka imatsika kwambiri n'kuyala, ndipo ulendo wake sufika mphindi 30. Bwalo la Chileka lili mafiti oposa pang'ono 2,500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe dera la Nchalo lili pa mafiti pafupifupi 200. Kusiyana kumeneku kunalowa m'nkhaniyi. Pokambirana asananyamuke, mlangizi anati adzasiya kuyeserera "pa 500". Iye ankatanthauza mafiti 500 kuchokera pansi, womwe ndi malire a malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, pouluka kunja kwa malo othithikana anthu. Wophunzira anamva 500 ya pa altimeter, chida choonetsa mmene ndege yakwerera m'mwamba. Altimeter itatcheredwa pa QNH (nambala ya kulemera kwa mpweya yomwe imaikidwa pachidacho) imawerenga kuchokera pa nyanja yamchere, choncho 500 ya pachidacho kuchigwa ndi mafiti 300 okha kuchokera pa dothi. Pa Chileka chisokonezo chimenechi sichingachitike poti manambala awiriwo amatalikirana kwambiri. Kuchigwa amayandikana, ndipo palibe mwa awiriwo anaona kuti akunena zinthu ziwiri zosiyana.

Sanakambiranenso za yemwe azitenthetsa injini potsika, kapena za yemwe ali ndi mawu omaliza pa munda wosankhidwa.

Mphindi zosakwana zisanu

Atafika pa mafiti 3,700 a pa altimeter, mlangizi anakoka throttle, kachitsulo koonjezera ndi kuchepetsa moto, mpaka kumapeto n'kunena kuti injini yazima. Apa anachita bwino posagwiritsa ntchito mixture (kachitsulo kosintha kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini) kapena kutseka mafuta, zomwe ena amachitabe pofuna kudzidzimutsa wophunzira, koma zimazimitsa injini zenizeni. Carb heat sinakokedwe. Wophunzira anagwira liwiro la ma knot 65, lomwe ndi loyandamira kutali kwambiri pa ndegeyi, anatchera trim, n'kuyamba kufunafuna munda. Pofufuza chomwe chazimitsa injini anangokhudza zida ndi chala n'kumazitchula, monga anaphunzitsidwira: mafuta pa BOTH, mixture, mamagineto, primer, carb heat. Anaitchula, anaikhudza, koma sanaikoke, ndipo mlangizi ataimva itatchulidwa anaiwerengera ngati yachitika.

Pa liwiro limeneli 172 imapita patsogolo mafiti pafupifupi 9 pa fiti imodzi yomwe yatsika, ndipo imataya mafiti pafupifupi 700 pa mphindi. Njira yomwe inajambulidwa ndi GPS ya pa tabuleti ya wophunzira inaonetsa kuti kuchokera pomwe moto unachotsedwa kufika pomwe unafunidwanso panapita mphindi zoposa zinayi. Nthawi yonseyo throttle sinasunthidwe.

Zomwe zinkachitika mkati mwa kabuleta nthawi imeneyi n'zofunika kuzifotokoza bwino, chifukwa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Mpweya ukamadutsa pakhosi popapatiza pa kabuleta umathamanga, mphamvu yake yokankha imatsika, ndipo umazizira. Pomwepo mafuta amasanduka nthunzi, ndipo potero amayamwa kutentha, monga mmene petulo amaziziritsira dzanja ukamatsuka zitsulo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ziwirizi pamodzi zimatha kutsitsa kutentha ndi madigiri 20 mpaka 30. Throttle ikatsekedwa zinthu zimaipiraipira, chifukwa kampata kotsala pambali pa butterfly valve, kachitseko ka mpweya koyendetsedwa ndi throttle, n'kakang'ono kwambiri, mpweya umazizira kwambiri pomwepo, ndipo ayisi wochepa chabe amakwanira kukatseka. Chomwe chimafunika ndi chinyezi. Siteshoni ya zanyengo yapafupi inalemba madigiri 26 m'mawa umenewo, ndipo mlingo womwe mpweya umayamba kuchita mame unali pa 22. Pa mafiti 3,700 kunali kozizirako ndi madigiri 6 kapena 7. Mukaika manambala amenewa pa tchati cha carb icing, amagwera m'chigawo cha ayisi woopsa injini ikakhala pa moto wotsikira. Mpweya wotentha umasunga madzi ambiri kuposa wozizira, ndipo m'nyengo ya dzinja, pafupi ndi Elephant Marsh ndi minda ya nzimbe yothiriridwa, madziwo sasowa. Kutentha kwa kuchigwa kumene anthu amati kumawateteza ndi komwe kumabweretsa madzi ambiri mu kabuleta.

Choipa china n'chakuti potsika pa idle, throttle ili yotseka, palibe chizindikiro. Ukamayenda ndi moto, ayisi amadziulula chifukwa ma RPM, omwe ndi liwiro la kuzungulira kwa injini, amatsika pang'onopang'ono kenako injini imayamba kutsokomola. Pa idle pulopela imazungulira chifukwa cha mphepo, singano ya RPM imakhalabe pomwe inali, phokoso silisintha. Injini ikhoza kukhala itatsamwa kale inu muli phee.

Wophunzira anasankha munda wautali, wobiriwira kwambiri, wooneka wosalala, woyang'ana komwe kumachokera mphepo. Anafikanso ali m'mwamba, ndipo anatsitsa flaps (mbali zakumbuyo kwa mapiko zothandiza kutsika) mpaka madigiri 30, omwe ndi onse pa 172P. Altimeter itadutsa 700, pomwe anayenera kusiyira, mlangizi anaona kuti ulendo uno mnyamatayo mwina afika, ndipo anakhala chete kuti aone. Wophunzira nayenso sanade nkhawa, poti kwa iye 500 inali isanakwane. Apa ndi pomwe panatayika mwayi waukulu. Mafiti 200 amenewo ndi masekondi pafupifupi 15, ndipo tiona kuti ndi omwe anasowa.

Singano itafika pa 500, mlangizi analamula go-around, kutanthauza kubwezera moto n'kukweranso. Wophunzira anakankha throttle mwamphamvu kamodzin'kamodzi. Injini inatsokomola, inakwera kufika pa ma RPM pafupifupi 1,500, n'kumagwedezeka osapitirira. Pansi, isanasunthe, injini imeneyi imapereka ma RPM 2,300 kapena kuposerapo throttle ikatsegulidwa yonse. Mnyamatayo, potsatira ndondomeko ya go-around, anali atakweza kale flaps kufika pa 20 n'kutukula mphuno, ndipo ndege yopanda moto wokwanira inayamba kutaya liwiro uku ikumira. Anati, "Aphunzitsi, sikuyankha." Mlangizi ananena kuti "I have control", wophunzira anasiyadi chiwongolero, ndipo pa mfundo imeneyi anachita molongosoka onse awiri. Pali ngozi zambiri zomwe anthu awiri amalimbirana chiwongolero mpaka pansi.

Mlangizi anatsitsa mphuno kuti abweze liwiro, anakoka carb heat, injini inagwedezeka kuposa poyamba, ndipo anaibwezanso mkati. Kugwedezeka kumeneko kunali chizindikiro chakuti ayisi wayamba kusungunuka ndipo madzi akulowa m'masilinda. Carb heat ikakokedwa pa injini yogwira ayisi imayenera kusiyidwa chomwecho, ngakhale zikumveka ngati zikuipa, ndipo zimatenga masekondi 30 kapena mphindi zingapo kuti injini iyere. Tisamuweruze mopitirira muyeso apa. Mpweya wa carb heat umatenthedwa ndi ekizozi, ndipo ekizozi yomwe yakhala pa idle mphindi zinayi imakhala itazizira. Pa mafiti osakwana 250 n'zokayikitsa kuti ikanathandiza ngakhale akanaisiya. N'chifukwa chake bukulo limati uikoke usanachepetse moto, ekizozi ikadali yotentha, osati vuto litabwera.

Chisankho chomwe chinawapulumutsa chinabwera pambuyo pake. Kumanzere kunali msewu wadothi wooneka wouma, ndipo kuufikira kunafuna kukhota kwambiri. Mlangizi sanakhote. Ndege ikapendekeka madigiri 45 ikusunga mtunda wake, liwiro lomwe phiko limasiyira kunyamula limakwera ndi pafupifupi 19 peresenti, ndipo pa madigiri 60 limakwera ndi 41 peresenti. Pa ma knot 55 mpaka 60 omwe anali nawo, pafupi ndi nthaka chotero, stall (phiko kusiya kunyamula) ya mokhota ikanawagwetsa chamutu. Analunjika munda womwewo, anabweza flaps pa 30, anatseka throttle kuti injini isadzidzimukire pa nthawi yolakwika. Kumayambiriro kwa munda kunali mawaya a magetsi omwe palibe anawaona ali m'mwamba. Anaona mapolo ake mochedwa, anakoka pang'ono, hutala ya stall inalira, ndipo anadutsa pamwamba pake. Mixture anaikoka, koma nthawi yotseka mafuta, kuzimitsa master switch ndi kutsegula zitseko sinapezeke. Uthenga wa Mayday sunatumizidwe, ndipo 7700, nambala yodziwitsa za ngozi, sinaikidwe pa transponder, chida chomwe chimaonetsa ndege kwa oyang'anira maulendo a ndege.

Matayala akuluakulu anagunda koyamba, chiwongolero chili chokokedwa mpaka kumapeto. Anayenda mamita ochepa, liwiro litatha tayala lakutsogolo linatsika n'kuzama m'matope. Ndege inaima ndi mphuno, mchira m'mwamba, kenako inabwerera pansi. Lamba wa paphewa wa wophunzira anali wolendewera, poti anaumasula pang'ono kuti azisuzumira bwino pawindo posankha munda, ndipo mphumi inagunda m'mphepete mwa dashibodi.

Zomwe zinapezeka

Anthu a m'mudzi wapafupi anafika mofulumira. Mlangizi anatseka mafuta ndi magetsi atangotuluka, n'kupempha akuluakulu kuti atalikitse ana ndipo pasapezeke wosuta fodya, chifukwa mafuta amadontha kuchokera papaipi yopumira ya thanki. A mfumu anapereka anyamata olondera ndege usiku, ndipo mwini munda analipidwa mbewu zake. Wophunzira anatengedwa panjinga yamoto kufika kumsewu waukulu. Lipoti linaperekedwa kwa akuluakulu oona za ndege tsiku lomwelo, ndipo ndege sinasunthidwe mpaka ataloleza.

Ayisi sasiya umboni. Pofika amakaniko anali atasungunuka kalekale, choncho ntchito inali yochotsa zifukwa zina chimodzichimodzi. Mafuta anali 100LL, a mtundu wake wobiriwira ngati thambo, opanda madzi m'mathanki onse awiri ndi mu strainer. Fyuluta ya mpweya inali yoyera. Mapulagi apansi anali ndi mwaye ndi timibulu ta mtovu tochepa, zomwe zimachitika injini ikakhalitsa pa idle, koma osati zofika poti n'kuzimitsa injini, ndipo m'mawa umenewo poyesa mamagineto pa ma RPM 1,700 kutsika kwake kunali mkati mwa ma RPM 125 ololedwa. Waya wa throttle ndi wa carb heat anali olumikizika, ndipo chitseko cha m'bokosi la carb heat chimatseka ndi kutseguka bwino. Kachitsulo ka carb heat kanapezeka kali mkati. Kabuleta itatsegulidwa inalibe chilema. Chotsala chinali nyengo, mphindi zinayi za idle, ndi momwe injini inachitira carb heat itakokedwa. Kukankha throttle mwadzidzidzi kuyenera kuti kunawonjezera vuto, chifukwa accelerator pump imathira mafuta ochuluka nthawi imodzi, ndipo injini yozizira yomwe mpweya wake wachepa kale imatsamwa nawo. Throttle imayenera kutsegulidwa mosalala, m'masekondi awiri kapena atatu.

Munda uja ndi nkhani payokha. Poyeserera, mlangizi ayenera kuuona munda ngati womwe ateradi, chifukwa nthawi iliyonse yomwe wachotsa moto pa ndege ya injini imodzi palibe chitsimikizo chakuti ubwerera. Kuchigwa m'dzinja, kubiriwira kowala ndi kusalala nthawi zambiri kumatanthauza madzi pansi pa udzu. Makande akanyowa amamata ndi kumeza tayala, akauma amang'ambika ming'alu yotha kugwira tayala laling'ono lakutsogolo. Minda ya nzimbe ili ndi ngalande, mizere ndi makina othirira, ndipo nzimbe yokhwima imatalika kuposa munthu kawiri. Mawaya saoneka, chomwe chimaoneka ndi mapolo ndi mzere wodulidwa mitengo, ndipo paliponse pomwe pali pampu ya madzi, chigayo kapena sukulu muyembekezere waya. Komanso munda womwe munaudziwa chaka chatha si womwewo chaka chino. Madzi osefukira ngati a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 amasiya mchenga, zigwembe ndi makwawa atsopano m'malo omwe kale anali osalala. Mlangizi ataona mundawo ali pa mafiti 1,500 akanatha kunena kuti kusankha kwatheka, tiyeni tiyeserere pa wina wouma, kapena kusiyiratu msanga.

Zotsatira zake

Pulopela inatayidwa. Firewall, khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, inapindika pomwe pamamangidwa tayala lakutsogolo, zomwe zimachitika kawirikawiri pa 172. Injini inatsitsidwa n'kutumizidwa kukaphwasulidwa, chifukwa Lycoming imalamula kuti pulopela ikagunda chinthu mkati mwa injini muunikidwe ngakhale kunja kukuoneka bwino. Ndege inachotsedwa mapiko n'kukwera mapiri pa lole, ndipo inakhala miyezi yambiri isanaulukenso.

Eni ndege anasintha malamulo awo. Malire osiyira kuyeserera tsopano amanenedwa ndi nambala ya pa altimeter, yowerengeredwa asananyamuke, ndipo wophunzira amaibwereza: nthaka 200, tisiya pa 700. Wophunzira nayenso ali ndi ufulu woyamba go-around nambalayo ikakwana osadikira mlangizi. Carb heat imakokedwa yonse throttle isanatsekedwe, ndipo ndi imodzi mwa zida zomwe zimagwiridwa zenizeni, osati kungokhudzidwa. Kutenthetsa injini ndi udindo wa mlangizi: pa mafiti 1,000 aliwonse amatsegula throttle mosalala kufika pa moto woyendera kwa masekondi angapo, n'kumvetsera ngati yayankha bwino, ndipo komaliza amatero asanafike pa mafiti 1,000 kuchokera pansi. Ikapanda kuyankha pamenepo amakhala ndi mphindi yoposa imodzi yoti achitepo kanthu. Funso lakuti "kodi akanafika?" limayankhidwa pabwalo la ndege lenileni, pomwe ungatsike mpaka kugunda pansi, mutapempha eni bwalo ndi kufunsa mmene lilili mvula ikagwa. Malamba a paphewa amamangidwa zolimba kuyeserera kusanayambe.

Mfundo imodzi alangizi sanagwirizane. Ena amafuna kuti carb heat ibwezedwe mkati pa mafiti 500 pokonzekera go-around, poti mpweya wotentha umachepetsa mphamvu ya injini komanso sudutsa mu fyuluta, zomwe pa mabwalo a fumbi zimadya injini. Nkhawa ya mphamvuyi si yachabe. Mu Okutobala ndi Novembala, kuchigwa kukafika madigiri 40, ndege imauluka ngati ili pa mafiti oposa 3,000 ngakhale ili pafupi ndi mulingo wa nyanja, ndipo 172 yodzaza imakwera monyinyirika. Ena amati carb heat ikhalebe mpaka throttle itatsegulidwa yonse. Buku la 172P pa balked landing, ndiko kusiya kutera n'kukweranso, limayamba ndi throttle yonse, kenako carb heat mkati, flaps pa 20, liwiro ma knot 55. Ine ndili kumbali ya bukulo. Masekondi awiri a mphamvu yochepa pang'ono sangafanane ndi kusiya kabuleta yopanda chitetezo pa idle m'mphindi yomaliza, ndipo dzanja lomwe lili pa throttle likhoza kukankha carb heat ndi chala chachikulu injini itangoyankha.

Mlangizi anaimitsidwa kuphunzitsa kufikira atauluka ndi mlangizi wamkulu, makamaka pa kasamalidwe ka injini ya kabuleta, ndipo anabwerera pantchito. Wophunzira anakhala milungu ingapo osafuna kukwera ndege. Atabwerera anayamba ndi maulendo ozungulira bwalo, kenako kutera mwa kuyandama pabwalo lenileni, ndipo pomaliza anabwerera kuchigwa ndi mlangizi wina m'nyengo yachilimwe. Mayeso anakhoza ulendo wachiwiri. Ulendo woyamba analephera pa kutera mwadzidzidzi komweko, chifukwa ankaopa kutsika ndipo anapitiriranso munda.